Musanalipire, Tembenuzani Supuniyo

Amayi anzanga a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndi inu nonse owerenga tsamba lino m'tauni ndi m'midzi, nyengo yokolola ikafika, fodya akapita ku okushoni, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, ndalama imayamba kuoneka m'manja mwa mayi. Imeneyi ndiyonso nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, pamene aliyense amafuna mphatso yoti mwana wake akalowe nayo m'banja mosachita manyazi. Amalonda nawo amaidziwa bwino nyengoyi. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo, pa boma la Ntchisi, ngakhale pa msika wa Lachiwiri ku Dzaleka, pambali pa milu ya zovala za kaunjika mupeza mnyamata wayala chiguduli pansi, ndipo pa chigudulipo pali masupuni, mafoloko, mathireyi, tiyipoti, maunyolo a m'khosi, ndolo ndi mphete, zonse zikung'anima padzuwa. Mukangowerama kuti mugwire chimodzi, mawu amene mumve ndi akuti, "Ameneyo ndi siliva, mayi, wochokera kunja."

Zoti wachokera kunja, kawirikawiri nzoona. Koma zoti ndi siliva, apo mpofunika kuima kaye, pakuti dzina limodzi lomweli likutchula zinthu ziwiri zosiyana kutali. Pali siliva weniweni, amene ali siliva kuyambira kunja mpaka mkati, ndipo pali chitsulo wamba chimene angochikuta ndi siliva pamwamba. Chokutidwacho chili ngati khoma la dothi lopakidwa njereza: chaka choyamba limayera mbee, koma mvula ikaliwomba zaka zingapo katondo amayamba kusuzumira. Pamaso zinthu ziwirizi nzofanana ndithu, chifukwa chimene diso likuona pa zonse ziwiri ndi siliva. Kusiyana kwake kuli mkati, ndipo mtengo uyenera kutsata za mkatizo.

Siliva payekha ndi wofewa kwambiri, sangapirire ntchito ya pakhomo. Choncho amisiri amamsakaniza ndi mkuwa pang'ono kuti alimbe. Muyeso wodziwika kwambiri ndi wa magawo 925 a siliva pa magawo 1,000, otsalawo 75 nkukhala mkuwa, ndipo nambala imeneyi, 925, muisunge pamtima. Luso lokuta zitsulo ndi siliva pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi linafala kuchokera mumzinda wa Birmingham ku England, kumene George ndi Henry Elkington analembetsa njirayi ku boma m'chaka cha 1840. Kuyambira pamenepo mahotela, sitima zapamadzi ndi mabanja osalemera anayamba kudyera ziwiya zooneka ngati za mafumu pa mtengo wochepa. Siliva amene amakutira pamwambayo ndi wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Ziwiya zotere zinapangidwa zochuluka zedi kwa zaka zoposa 100, ndipo ndizo zimadzaza misika ya katundu wogwirapo kale ntchito. Kumbukiraninso kuti katundu asanafike pa Mponela amakhala atadutsa m'manja ambiri, kunja komweko, kudoko, ndi ku Lilongwe, ndipo m'manja monsemo muli anthu odziwa kusankha. Siliva weniweni amatha kupulumuka nkufika kuno, koma si tsiku ndi tsiku.

Tsono choyamba kuchita ndicho kutembenuza chinthucho. Supuni ndi foloko zimakhala ndi zidindo kumbuyo kwa chogwirira, thireyi ndi tiyipoti kunsi kapena m'mbali, mphete mkati mwake, ndipo unyolo pa kachitsulo kokolekera. Zidindozi nzazing'ono ngati njere za mawere ndipo nthawi zambiri zimakhala zitadzaza litsiro. Pukutani ndi nsonga ya chitenje, pitani poyera, ndipo ngati maso ayamba kuchita chidima monga achitira ambiri a ife, itanani mwana wa sukulu akuwerengereni, kapena jambulani ndi foni nkukuza chithunzicho. Wogulitsa woona mtima sangakukanizeni zimenezi.

Katundu wambiri wa mtundu umenewu amachokera ku Britain, ndipo mwayi wathu ndi wakuti dziko limenelo lili ndi lamulo lakale kwambiri pa nkhani ya siliva. M'chaka cha 1300 Mfumu Edward Woyamba analamula kuti chiwiya cha siliva chisagulitsidwe chisanayesedwe ndi kudindidwa mutu wa nyalugwe. Mu 1544 anawonjezapo chidindo china, cha mkango woyenda utakweza mwendo umodzi wakutsogolo, ndipo kamkango kameneka ndiko kamene kakhala kakuchitira umboni siliva wa 925 wa ku England kwa zaka mazanamazana. Pafupi ndi mkangowo pamakhala chizindikiro cha mzinda umene chinthucho chinayesedwerako. Mutu wa nyalugwe unadzakhala wa London, nangula ndi wa Birmingham, nyumba ya malinga yansanja zitatu ndi ya Edinburgh, pamene Sheffield anali ndi chisoti chachifumu mpaka 1974, ndipo kuyambira 1975 ali ndi duwa. Pamakhalanso chilembo chimodzi chosonyeza chaka, ndi zilembo zoyamba za dzina la mmisiri. Kuyambira 1999 nambala yeniyeniyo, 925, imayenera kuoneka pa siliva wodindidwa ku Britain. Wa ku America kawirikawiri amangolembedwa mawu akuti STERLING. Wa ku Germany, Italy ndi maiko ena a ku Ulaya amatha kukhala ndi 800, 830 kapena 835, amene ndi siliva weniweni ndithu ngakhale mkuwa wake wachulukirapo, ndipo wa ku Germany amakhalanso ndi kamwezi kongokhala kumene pamodzi ndi chisoti chachifumu.

Apa mpamene amayi ambiri amapusitsidwira. Opanga ziwiya zokutira anali ochenjera, ndipo ankadinda nawonso timabokosi tinayi kapena tisanu tondondozana, tokhala ndi zilembo zopotokola zovuta kuwerenga, kuti munthu woyang'ana mothamanga ayese ndi zidindo za boma. Musachite mantha ndi kuchuluka kwa timabokosito. Werengani kamodzikamodzi. Mukapeza E, kenaka P, kenaka N, kenaka S, dziwani kuti EPNS akutanthauza chitsulo chosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki chimene chakutidwa ndi siliva pa magetsi. EPBM ndi chimodzimodzi, kungoti chitsulo cha mkati nchofewa, chotuwa, chosachedwa kuphwanyika. EP payekha, kapena mawu akuti Silver Plated, akunena zomwezo poyera. A1 ndi kudzitama chabe kwa wopanga, kunena kuti anakutira bwino, ndipo palibe boma limene linaikirapo umboni. Ngati pa mzere wonsewo palibe mkango, palibe 925, palibe STERLING, ndiye kuti kawirikawiri chiwiya cha ku England chimenecho nchokutira, ngakhale chitakongola motani.

Pali maina enanso onyenga kwambiri chifukwa ali ndi liwu lakuti siliva mkati mwake. Chiwiya cholembedwa Nickel Silver, German Silver kapena Alpacca chokha chilibe siliva ngakhale kadontho, ndi mkuwa, nikelo ndi zinki basi. Supuni za ku Germany ndi maiko oyandikana nalo zimatha kukhala ndi nambala 90 kapena 100. Wogulitsa adzakuuzani kuti ndiye kuti siliva wake ndi 90 pa 100, koma si choncho ayi. Nambalayo ikunena magalamu a siliva amene anagwiritsidwa ntchito pokutira mulu wonse wa masupuni ndi mafoloko, ndipo supuni imodzi inalandirapo pang'ono chabe. Zolembedwa Stainless, Inox kapena 18/10 ndi chitsulo chosachita dzimbiri chija tonse tili nacho m'makhitchini mwathu. Nchabwino, ncholimba, chingadyetse ana ndi adzukulu, koma mtengo wake ndi wa supuni wamba.

Komabe chidindo sichithetsa mlandu wonse. Masiku ano kachitsulo kodindira 925 aliyense angathe kukagula, ndipo maunyolo, mphete ndi zibangili zambiri zotchipa zimabwera zitadindidwa kale nambalayi pamene mkati muli mkuwa. Zidindo zinayi za ku England nzovuta kuzinamiza, koma 925 woima yekha pa unyolo watsopano wonyezimira, ine sindimukhulupirira ndisanaone umboni wina. Kumbali inanso, alipo siliva weniweni wosulidwa pamanja amene sanadindidwe konse. Nchifukwa chake mutatha kuwerenga, muyenera kuyang'ana pamene chinthucho chaperepeseka.

Chiwiya chilichonse chili ndi malo amene chimakhudzana ndi tebulo, mbale kapena dzanja tsiku ndi tsiku. Pa supuni ndi kunsi kwa mimba yake, pamene imakhalira ikaikidwa pansi, ndi kumapeto kwa chogwirira. Pa foloko ndi kunsonga za mano ake. Pa thireyi ndi m'mphepete ndi pakati pamene makapu amakhala. Pa mphete ndi mbali ya kuchikhatho, ndipo pa unyolo ndi pamene timphete take timakhulana. Yang'anitsitsani malo amenewa padzuwa. Ngati pakuoneka kachigamba kachikasu, kofiirira, kapena kotuwa mosiyana ndi malo ena, ameneyo ndi katondo uja wayamba kusuzumira. Ngati m'makona muli zobiriwira, kapena pamwamba pakusupuka ngati khungu la njoka, musafunsenso wina, nchokutira. Siliva weniweni angakhale ndi zipsera, angapindike, angaperepeseke mpaka zidindo kufufutika, koma mtundu wake umakhala umodzimodzi paliponse, ndipo mkati mwa chipsera chakuya mumaoneka moyera ngati pamwamba.

Za kuda nazo ndinenepo, chifukwa ambiri timathamangira chonyezimira nkusiya chakuda. Siliva amada. Akakhudzana ndi mazira, utsi, anyezi, ngakhale mpweya chabe, amayamba kuchita chikasu, kenaka kufiirira, pomaliza kuda bii. Supuni yakuda imene yatayidwa pakona pa chiguduli ingakhale ndiyo yoyenera kuitembenuza poyamba, pamene imene ikuwala ngati galasi ingakhale chitsulo chosachita dzimbiri. Koma kudako kukungonena kuti pamwamba pali siliva. Chokutira nachonso chimada mofanana, ndipo mukachipukuta ndi nsalu yoyera chimasiya zakuda pansaluyo monga momwe achitira weniweni. Wogulitsa akakuonetsani nsalu yodetsedwa ngati umboni, dziwani kuti wakuonetsani za khungu lokha.

Maginito amathandiza, ndipo simufunika kugula: wailesi yakufa ili nawo kumbuyo kwa sipika. Siliva sakokedwa ndi maginito. Chinthu chikamatirira, chisiyeni pomwepo kapena chiguleni pa mtengo wa chitsulo. Koma chikapanda kumatirira musafulumire kukondwa, pakuti mkuwa nawonso sukokedwa, ngakhalenso chitsulo chija cha mkati mwa EPNS. Maginito amangokuchotserani zabodza zoonekeratu. Dziwaninso kuti pokolekera unyolo pamakhala kasipuling'i kachitsulo ngakhale unyolowo uli wasiliva weniweni, ndipo mpeni wapatebulo umakhala wachitsulo kumene umadulira ngakhale chigumbu chake chili chasiliva.

Njira ina imene ndimaikonda, chifukwa imatheka pamsika pomwepo, ndiyo ya tiyi wotentha. Mwa zitsulo zonse palibe chimene chimayendetsa kutentha msanga kuposa siliva. Lowani m'tiyirumu, ikani supuni mukuikayikirayo m'kapu limodzi ndi supuni wamba ya pamenepo, ndipo gwirani kumapeto kwa zonse ziwiri. Yasiliva weniweni imatentha mpaka kuchogwirira mofulumira zodabwitsa, pamene ya EPNS ndi yachitsulo zimazengereza. Chokutira chimene mkati mwake muli mkuwa wofiira chokha ndicho chingakusokonezeni, popeza mkuwa wotere nawo umatentha msanga, koma chimenecho chimagwidwa ndi zigamba zofiira zija. Za kulemera musadalire kwambiri. Ambiri amati cholemera ndiye chenicheni, koma mafoloko a m'mahotela okutira amakhala onenepa, olemera ndi ouma kuposa asiliva, ndipo zoikapo makandulo zambiri, ngakhale zasiliva weniweni, amazithira phula kapena simenti mkati kuti zisagwe.

Pa ndolo, mphete ndi maunyolo nkhaniyi ikukhudzanso thupi. Mphete yosiya mzere wobiriwira pachala ili ndi mkuwa wambiri. Ndolo zimene zimayabwitsa, kutupitsa kapena kutulutsa madzi m'makutu kawirikawiri zimakhala ndi nikelo, amene khungu la anthu ambiri siligwirizana naye, ndipo vutoli limayamba siliva wapamwamba uja akatha. Zodzikongoletsera zina zotchipa zapezekapo ndi mtovu mkati, umene ndi poizoni kwa ana, choncho khanda limene lili kumsana kapena pamiyendo lisazolowere kuyamwa unyolo wa mayi ake. Mwana wamkazi amene mwangomubowola kumene makutu musamuveke ndolo zosadziwika za pa chiguduli.

Nanga mtengo? Siliva amagulitsidwa polemera pa msika wa dziko lonse, ndipo muyeso wake ndi aunsi, imene ndi magalamu 31. Mu 1980 ndi mu 2011 mtengo wa aunsi imodzi unayandikira madola 50 a ku America, ndipo mu Okutobala 2025 unapitirira pamenepo. Supuni imodzi yodyera yasiliva weniweni imatha kulemera kuposa aunsi imodzi. Ganizani nokha tsono: munthu amene akudziwa kuti ali ndi siliva weniweni angakugulitseni masupuni 6 pa mtengo wa nkhuku imodzi? Ndipo ngati akutchula mtengo wa mbuzi, umboni wake uli kuti? Sindikunena kuti chokutira nchoipa. Thireyi yokutidwa bwino imakongoletsa nyumba zaka zambiri, ndipo ndi mphatso yaulemu pa ukwati. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa siliva pogula mkuwa, makamaka ngati ndalamayo mwakongola ku banki mkhonde poyembekeza kuti mukagulitsanso mwa phindu. Tsiku lomwe mudzafune kugulitsa chifukwa cha matenda kapena fizi ya mwana, wogula sadzayang'ana kunyezimira. Adzatembenuza, adzaika pasikelo, ndipo chokutira adzachikana.

Ngati chinthu nchamtengo ndipo mtima ukukayikabe, pitani nacho kwa amisiri osula mphete ku Lilongwe. Iwo ali ndi mankhwala oyesera, amene amadonthezera pamalo obisika atapalapo pang'ono. Musayese zimenezi kunyumba ndi asidi wa m'batire, mungadziwotche ndi kuononga katundu. Ndipo mukaona chikho kapena mbale zooneka ngati za m'tchalitchi, kapena chiwiya cholembedwa dzina la sukulu kapena hotela, funsani bwino kumene chachokera, kuopa kugula mlandu ndi ndalama zanu zomwe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya inu amene muli ndi siliva m'nyumba koma simukudziwa. Dera lathu lino linaona alendo kalekale. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo makolo ena amene ankagwira ntchito yophika ndi yosamala m'nyumba za azungu, kumishoni, kuboma ndi m'maesiteti, anatsala ndi supuni kapena kachikho. Ena anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ena ku mafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia, nabwerako ndi mabokosi achitsulo amene mpaka lero ali kunsi kwa bedi, ndipo pansi pa bokosilo pamakhala kansalu komangamo ndalama zakale. Anyamata ogula zitsulo zakutha akamayenda m'midzi amatenga zonse pa mtengo wa kilogalamu, osasiyanitsa.

Pa ndalama zakale, chaka cholembedwapo ndicho chimanena zonse. Sikisipensi, shileni, folorini ndi hafukolona za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1920 ndi siliva wa 925, za 1920 mpaka 1946 ndi theka siliva, ndipo kuyambira 1947 mulibe siliva konse ngakhale zikuoneka zoyera chimodzimodzi. Za Southern Rhodesia, zimene zinkayendanso kuno ku Nyasaland, zinali za 925 kuyambira 1932 mpaka 1942, za theka kuyambira 1944 mpaka 1946, ndipo za masiku onse zotsatira zinalibe. Za ku South Africa, kuphatikizapo katiki kaja, zinali za 800 kuyambira 1923 mpaka 1950, kenaka za theka mpaka 1964. Ndalama zoyendera m'manja za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zoyambira mu 1955, zinalibe siliva. Zathu za ufulu za 1964, zija za tambala, chimanga ndi njovu, nazonso zinalibe, ngakhalenso matambala amene anabwera ndi kwacha mu 1971. Makobidi obowola pakati aja, amene mphekesera zimawatchula mitengo yoopsa, mulibe siliva ngakhale pang'ono. Hafukolona imodzi imalemera magalamu 14, kotero ya 1940 ya ku Southern Rhodesia ili ndi siliva wokwana pafupifupi magalamu 13, pamene ya 1950 ilibe kanthu. Mphete zimene amisiri akumudzi ankasula kuchokera ku shileni zimatsata lamulo lomweli. Ndalama zotere musazikweche kuti ziyere, pakuti anthu osonkhanitsa ndalama zakale amalipira zochepa pa imene yakwechedwa. Musagulitsenso pakhomo kwa munthu wodutsa. Gulu lanu la amayi lingathe kusonkherana kugula kasikelo kakang'ono ka magalamu, ndipo popita kukagulitsa mutauni muzipita awiri, mutadziwa kale kulemera kwa katundu wanu, ndi kufunsa mitengo malo awiri kapena atatu.

Popeza zambiri zimene tidzagule zidzakhala zokutira, tidziwe kuzisamala. Mchenga, phulusa ndi waya wotsukira mapoto nzabwino pa sefuliya, koma pa thireyi yokutira zimachotsa m'mwezi umodzi siliva amene akanakhala zaka 20. Tsukani ndi madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa, ndipo pukutani nthawi yomweyo kuti ziume. Musasiye supuni yotere usiku wonse mu ndiwo za mchere kapena zamatimati. Zikada, tengani poto wa aluminiyamu, thiranimo madzi owira, supuni ziwiri za soda uja timaphikira therere ndi kamchere pang'ono, ndipo ikanimo ziwiyazo zitakhudza potoyo kwa mphindi zochepa. Kuda kuja kumachoka popanda kukwecha. Mphete ndi ndolo zokhala ndi miyala kapena mikanda yomatira, ndi mipeni ya zigumbu zamphako, musaziike m'madzi otenthawo, chifukwa zomatirazo zimasungunuka. Mukapukuta, kulungani m'nsalu youma yathonje, osamanga ndi mphira, nkusunga kutali ndi utsi wa kukhitchini.